Impso zimataya kaye zonse, kenako n'kutola

Mukadzapezeka pamene akupha mbuzi, kapena pa chiwaya anyamata akudula nyama, mudzapemphe kuti akuonetseni impso isanalowe m'mafuta. Imakhala itabisala m'mafuta oyera olimba, ndipo akaisenda imatuluka yosalala, yofiira moderako, yooneka ngati njere yaikulu ya nyemba. Mudzawauze kuti aidule pakati m'litali mwake. Chakunja kuli mnofu wa mtundu umodzi wozungulira ngati khungwa. Mkati mwake muli mnofu wina wa timizeremizere tolozera pakati, ndipo pakatipo pali kamphako koyera kothera m'kapaipi. Impso ya munthu ndi yotero ndithu, kungoti ndi yokulirapo. Imafanana ndi chibakera cha mwini wake, ndipo imalemera pafupifupi magalamu 150. Tili nazo ziwiri, kumbuyo kwa matumbo, uku ndi uku kwa msana, pansi pa nthiti zomalizira. Yakumanja imakhala m'munsi pang'ono chifukwa chiwindi chinailanda malo.

Ambiri tinakula tikuganiza kuti madzi amene tamwa amatsika molunjika kukafika m'chikhodzodzo. Njira yotero kulibe. Madzi amalowa m'matumbo, kuchoka apo amalowa m'magazi, ndipo mkodzo umapangidwa kuchokera m'magaziwo. Chikhodzodzo ndi mtsuko chabe wosungiramo. Amene amapanga mkodzo ndi impso, ndipo n'chifukwa chake mtima umazikondera pogawa magazi. Impso ziwirizo sizikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa thupi, koma pa magazi onse amene mtima umapopa munthu atakhala phee, gawo limodzi mwa magawo asanu limapita kwa izo. Ndiye kuti magazi oposa lita imodzi pa mphindi iliyonse, usana ndi usiku.

Kusukulu anatiuza kuti impso ndi sefa. Mawuwa si olakwika, koma amatisocheretsa, chifukwa tikamva sefa timaganiza za ufa: zabwino zimadutsa, misere imatsala, basi ntchito yatha. Zimene impso zimachita n'zosiyana ndi zimenezo, ndipo kusiyanako ndi kumene kumafotokoza pafupifupi chilichonse chimene chimachitika munthu akamwa mowa, akadwala shuga, kapena akatsegula m'mimba.

Mu impso iliyonse muli timakina tating'ono pafupifupi 1 miliyoni, tosaoneka ndi maso, totchedwa nephron. Kalikonse kamayambira m'khungwa lakunja lija. Kamtsempha kobweretsa magazi kamafika n'kugawikana, n'kupiringizana kukhala kampira ngati ulusi wokulungidwa. Kampira kameneka dzina lake ndi glomerulus, ndipo kamakhala m'kachikho, kamene dokotala wa ku England, William Bowman, anafotokoza mu 1842. Chinsinsi chili pa khomo lotulukira: kamtsempha kotulutsa magazi m'kampirako ndi kopapatiza kuposa kolowetsa. Aliyense amene anathirirapo ndiwo zamasamba ndi paipi amadziwa chimene chimachitika ukatseka kukamwa kwa paipi ndi chala. Madzi amapanikizika mkati, ndipo ngati paipiyo ili ndi timabowo, amayamba kutumphukira m'mbali. Ndi mmenenso zimakhalira m'kampira kaja. Makoma ake ali ndi timabowo tosaoneka, ndipo madzi a m'magazi amafinyidwira m'kachikho pamodzi ndi chilichonse chaching'ono chosungunuka: mchere, shuga, tizidutswa tomangira thupi, zotsalira za mankhwala, komanso zinyalala monga urea, imene chiwindi chimapanga thupi likatha kugwiritsa ntchito mapuloteni, ndi creatinine yochokera m'minofu. Zimene zimatsala m'mtsempha ndi zazikulu zokha, maselo a magazi ndi mapuloteni akuluakulu. N'chifukwa chake adokotala akapeza magazi kapena mapuloteni mu mkodzo amachita tcheru, chifukwa zinthu zimenezo siziyenera kudutsa.

Taonani apa: sefayi sisankha chabwino ndi choipa. Imangoyang'ana kukula. Shuga amene mwavutikira, mchere wofunika, madzi amene mwatunga kutali, zonse zimatayidwa limodzi ndi zinyalala. Ndipo zimatayidwa zambiri. Mwa munthu wamkulu wathanzi, madzi ofinyidwira m'tizikho timeneti amakwana pafupifupi malita 180 pa tsiku. Ndowa 9 za malita 20. M'madzi amenewo mumapita mchere woposa kilogalamu imodzi. Pomwe thupi lonse lili ndi magazi okwana malita 5 okha. Zikanati zithere pomwepo, munthu sakanatha ola limodzi ali moyo.

Koma timakodza lita imodzi kapena awiri pa tsiku. Enawo amapita kuti?

Kuchoka m'kachikho, madziwo amalowa m'kapaipi kakatali kokhotakhota, ndipo m'makoma a kapaipiko ndi mmene muli ntchito yeniyeni ya impso. Maselo a m'makomawo amatola chimodzichimodzi zinthu zimene thupi likufuna n'kuzibwezera m'magazi. Ganizirani mayi amene thumba lake la nyemba lalowa miyala, zitsotso ndi anankafumbwe. Akhoza kupisa dzanja m'thumba n'kumafufuza mwala uliwonse, koma sadzatha, ndipo zinyalala zimene sakuzidziwa zidzatsala momwemo. Chimene amachita n'kukhutula thumba lonse pa mphasa, n'kutola nyemba zabwino kubwezera m'thumba. Chotsala pa mphasa amakataya, kaya akuchidziwa dzina kaya ayi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali nzeru yonse ya chiwalo chimenechi. Impso sizifunika kudziwa poizoni aliyense wa padziko lapansi. Zimangofunika kudziwa za kwawo. Mankhwala amene apangidwa chaka chatha ku fakitale, amene thupi la munthu silinakumanepo nawo, ngati ali aang'ono ndi osungunuka m'madzi, amatsala pa mphasa n'kutuluka. Palinso zina zimene maselo a kapaipi amachita kukankhira dala kunja, monga asidi wochuluka, mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndi mankhwala ena ngati penisilini.

Chigawo choyamba cha kapaipi ndi chimene chimasenza katundu wambiri. Magawo awiri mwa atatu a madzi ndi mchere amabwerera pomwepo, ndipo shuga yense amatoledwa osatsala. Koma manja otola shugawo ali ndi malire. Shuga wa m'magazi akakwera kupitirira pafupifupi 10 mmol/L pa kamakina kaja koyezera kuchipatala, amabwera wambiri kuposa amene manjawo angatole, ndipo wotsalayo amapitirira mpaka mu mkodzo. Shuga sayenda yekha, amakoka madzi. Ndiye munthu amakodza pafupipafupi, amadzuka kanayi kasanu usiku, ludzu silimutha ngakhale amwe bwanji, ndipo pamene wakodza pamasonkhana nyerere. Akuluakulu amene ankaona nyererezo n'kunena kuti apa pali matenda sankalakwa.

Kuchoka apo kapaipi kamachita chinthu chodabwitsa. Kamatsika kulowa mkati mwa impso, kenako n'kukhota n'kubwereranso m'mwamba, ngati phini yomangira tsitsi. Timizere munaona mu impso ya mbuzi tija ndi timapaipi timeneti titandandalikana. Chigawochi chimatchedwa ndi dzina la Jakob Henle wa ku Germany, amene anachifotokoza mu 1862, koma panadutsa zaka zambiri anthu asanamvetse ntchito yake. Mbali yotsika imalola madzi kutuluka. Mbali yokwera imakana madzi koma imapopera mchere kunja. Chifukwa mbali ziwirizi zayandikana ndipo madzi akuyenda mosemphana, mchere umaunjikana mkati mwa impso, ndipo ukamapita mkati kwambiri ndi pamene ukuchulukira. Pansi penipeni, madzi a m'mnofu wa impso amakhala olemera ndi mchere ndi urea kuwirikiza kanayi kuposa magazi. Impso imadzipangira dala dambo la mchere m'kati mwake. Ntchito ya dambolo imaoneka kumapeto.

Timapaipi tonse timakathira m'mipaipi yosonkhanitsa, ndipo mipaipi imeneyi, popita ku kamphako koyera kaja, imadutsa pakati pa dambo la mcherelo. Mukathira mchere pa nsomba kapena pa tomato wodula, madzi amatuluka okha, chifukwa mchere umakoka madzi. Choncho ngati makoma a mpaipi wosonkhanitsa ali otseguka, madzi amakokedwa kuchoka mu mkodzo n'kubwerera m'magazi. Ngati ali otseka, madziwo amapitirira mpaka m'chikhodzodzo. Amene amagwira kiyi ndi ubongo.

Tiyerekeze munthu amene akulima ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Wogwira ntchito yolemetsa pa kutentha kotero akhoza kutaya thukuta loposa lita imodzi pa ola. Madzi akamachepa, magazi ake amayamba kulemera ndi mchere. Pansi pa ubongo pali maselo amene ntchito yawo ndi kulawa magazi, ndipo amazindikira ngakhale kusintha kochepa kwambiri. Amachita zinthu ziwiri. Amadzutsa ludzu, ndiponso amalamula kachiwalo kotchedwa pituitary kuti katulutse homoni (mthenga woyenda m'magazi) yotchedwa ADH. Homoniyi ikafika ku impso, maselo a mipaipi yosonkhanitsa amatenga timakomo ta madzi timene anasunga mkati mwawo n'kutiika pa khoma. Timakomo ta mtundu umenewu, totchedwa aquaporin, tinatulukiridwa ndi Peter Agre wa ku America, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2003. Madzi amabwerera m'thupi, ndipo mlimi uja akapatukira kutchire amaona mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri ngati tiyi wopanda mkaka, wa fungo lamphamvu. Impso zake zili bwinobwino, zikungosunga. Madzulo akamwa madzi ambiri ndi thobwa, ADH imachepa, timakomo timabwezedwa mkati, ndipo mkodzo umatuluka wambiri, woyera mbee.

Usiku thupi limatulutsa ADH yochulukirapo, n'chifukwa chake timatha kugona mpaka m'mawa, ndipo mkodzo wa m'mamawa umakhala wakuda kuposa wa masana. Mowa umachita zosiyana, umatsekereza ADH. Amene amamwa amadziwa maulendo osatha opita kuseri, ndi kukhosi kouma gwa m'mawa mwake. Munthuyo wamwa zamadzimadzi usiku wonse, koma wadzuka thupi lili ndi ngongole ya madzi.

Kusungaku kuli ndi polekezera. Zinyalala za tsiku limodzi zimafuna madzi okwana pafupifupi theka la lita kuti zituluke, ngakhale impso zitafinya motani. Makanda ndi okalamba satha kufinya mpaka pamenepo, ndiye ndi amene amayamba kufooka madzi akasowa. Sindikhulupirira kuti pali nambala imodzi ya makapu imene aliyense ayenera kumwa. Wa mu ofesi ku Mzuzu mu Juni ndi wodula nzimbe ku Nchalo sangafanane. Mkodzo umanena zoona kuposa nambala: ukakhala wachikasu chopepuka, madzi akukwana.

Madzi ndi nkhani imodzi, mchere ndi ina, ngakhale ziwirizi zimayendera limodzi. Kuchuluka kwa mchere m'thupi ndi kumene kumalamula kuchuluka kwa madzi a m'mitsempha, ndipo kuchuluka kwa madziwo kumakhudza BP. Impso zikaona kuti magazi akufika mofooka, zimatulutsa renin. Iyi imayambitsa mndandanda wa mauthenga umene umafinya mitsempha ndi kudzutsa homoni ina, aldosterone, youza timapaipi kuti tigwire mchere. Kwa munthu amene wataya magazi pa ngozi kapena pobereka, dongosolo limeneli ndi limene limamugwiriziza mpaka afike kuchipatala. Koma kwa munthu amene BP yake ndi yokwera kwa zaka, zinthu zimazungulira moipa. Kuthamanga kwa magazi kumawononga timipira tosefera tija, impso zowonongeka zimalephera kutaya mchere, ndipo mcherewo umakwezanso BP. Mankhwala ambiri a BP amene anthu amalandira m'zipatala zathu amagwira ntchito pomwepa. HCTZ imaletsa kapaipi kutola mchere wina, n'chifukwa chake oyamba kumwa amadandaula kuti akukodza kwambiri, ndipo enalapril imadula mndandanda wa renin uja. Bungwe la WHO limalangiza mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi wochepera pa supuni yaing'ono imodzi. Muwerengere wa mu usipa wouma, wa mu ndiwo, wa pa chipisi, ndi uja timawaza tisanalawe n'komwe.

Popeza kusefa kumadalira mphamvu ya magazi ofika, chilichonse chophwetsa magazi mwadzidzidzi chimaimitsa impso. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Wodwala kolera kwambiri akhoza kutaya madzi okwana lita pa ola. Mitsempha imaphwa, impso zimasowa chosefa, mkodzo umaima, ndipo zikatenga nthawi maselo a timapaipi amayamba kufa. N'chifukwa chake namwino wosamala amafunsa kuti, “Wakodza liti komaliza?” Funso limenelo ndi lofunika kulifunsanso kunyumba mwana akamatsegula m'mimba. Thewera likakhala louma kuyambira m'mawa mpaka masana, musadikire kuti kuche. Thanzi ORS amagwira ntchito chifukwa m'matumbo muli manja ofanana ndi a mu impso aja, otola shuga ndi mchere pamodzi, madzi n'kumatsatira. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, kuyamba msanga, ndi kupitiriza kumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala. Nkhani yabwino ndi yakuti impso zimene zaima mwadzidzidzi motere nthawi zambiri zimadzukanso ngati madzi abwezedwa nthawi yake.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chimachitika ndi mtima wabwino. Munthu akadwala, thupi likuphwanya, sakudya, sakumwa, achibale amathamangira pa okala kukagula bufeni kapena indosidi. Madzi akachepa m'thupi, impso zimadziteteza potulutsa timadzi totsegula kamtsempha kolowetsa magazi m'kampira kaja. Bufeni, indosidi, diclofenac ndi anzawo amaletsa timadzi timeneto. Khomo limatsekeka pa nthawi imene likufunika kwambiri. Kwa wachinyamata wathanzi amene wamwa masiku awiri dzino likuwawa, vuto silikhalapo kawirikawiri. Koma kwa gogo wa BP amene amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo, kapena kwa wodwala amene akusanza ndi kutsegula, mapiritsi otsika mtengowa akhoza kumalizitsa impso. Chimodzimodzinso mankhwala a zitsamba osadziwika mlingo, makamaka aja otsatsidwa kuti amatsuka impso. Impso sizifuna kutsukidwa. Chilichonse chimene mwamwa, izo ndi zimene zimakachisenza, ndipo chifukwa zimafinya madzi, poizoni amakhala wamphamvu kwambiri m'timapaipi mwake kuposa m'magazi.

Malungo aakulu nawo amagwetsa impso, ndipo mkodzo ukada ngati Coca-Cola pa nthawi ya malungo, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo. Likodzo, limene m'madera ena a m'mbali mwa nyanja anthu analizolowera mpaka kuona ngati mnyamata kukodza magazi ndi kukula, limasiya zipsera m'chikhodzodzo ndi m'mipaipi yochokera ku impso. Mipaipiyo ikaphinjika, mkodzo umabwerera m'mbuyo n'kutupitsa impso pang'onopang'ono. Praziquantel amene amagawidwa m'masukulu amateteza zimenezo. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene nthawi zina amavutitsa impso, asasiye mankhwala, chifukwa kachilombo kosaletsedwa kamawononganso impso, koma ndi bwino kupempha kuti aziyezedwa.

Impso zili ndi ntchito zinanso zimene sizioneka mu mkodzo. Zimatulutsa homoni youza mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi, ndipo zimamalizitsa vitamini D kuti agwire ntchito. Ndiye wodwala impso kwa nthawi yaitali amakhala wochepa magazi, wotopa, mafupa ofooka, ndipo akhoza kumwa mankhwala owonjezera magazi miyezi yambiri osasintha.

Chovuta n'chakuti matenda a impso a pang'onopang'ono sapweteka. Anthu ambiri msana ukawawa amati ndi impso, pomwe kawirikawiri ndi minofu kapena mafupa a msana. Nephron imodzi ikafa siphukanso, koma zotsalazo zimasenza katundu wa inzawo mosadandaula. N'chifukwa chake munthu amatha kupereka impso imodzi kwa m'bale wake n'kukhala bwinobwino, monga zinachitikira ku Boston mu 1954, pamene Joseph Murray anasamutsa impso kuchoka kwa mnyamata wina kupita kwa mnzake wobadwa naye mapasa. Koma kupirira komweko ndi kumene kumabisa matenda. Pofika poti mapazi ndi nkhope zatupa, mkodzo ukuchita thovu losaphwa, chakudya chikunyansa, khungu likuyabwa, gawo lalikulu la ntchito ya impso limakhala litapita kale. Zoyezera zake si zapatali: BP, shuga, kapepala koviika mu mkodzo kofufuza mapuloteni, ndi magazi oyeza creatinine. Aliyense wa shuga kapena BP ayenera kufunsa zimenezi kamodzi pa chaka, ngakhale akumva bwino.

Impso zikalephereratu, chotsala ndi kusamutsa ina kapena makina otsuka magazi, amene anayambitsidwa ndi Willem Kolff ku Netherlands pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. M'zipatala za boma m'Malawi, kwa zaka zambiri makinawa akhala akupezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mabanja ena amachita kusamuka kumudzi kuti akhale pafupi nawo. Wodwala amagona pambali pa makina pafupifupi maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, magazi akutuluka pa paipi imodzi n'kubwerera pa ina. Makinawo amachotsa urea, potaziyamu ndi madzi owonjezera, ndipo amapulumutsa moyo. Koma salawa magazi mphindi iliyonse, samva uthenga wa ADH, ndipo wodwala akachokapo palibe chimene chikusefa mpaka tsiku lobweranso. Pakati pa masiku amenewo, madzi alionse amene wamwa amakhala m'thupi, ndipo akachuluka amakwera mpaka m'mapapo. Ndiye amene sakodzanso amauzidwa kuti asapitirire pafupifupi theka la lita pa tsiku, kuwerengera tiyi, phala ndi msuzi womwe. Nthochi, mapeyala ndi tomato amachita kuyeza chifukwa cha potaziyamu. M'mawa amathira madzi a tsiku lonse m'botolo limodzi laling'ono, n'kumapsontha pang'onopang'ono kuti afike nawo madzulo, ngakhale mu Okutobala.